Kodi nkhondo ya 1776 ku America inali yomenyera ufulu, kapena unali mkangano wa atsamunda okhaokha?

Mphunzitsi_wa_Mbiri

Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene mumakonda mbiri yakale. Nthawi zambiri tikamaphunzitsa za madera 13 a ku America amene anagalukira ulamuliro wa Britain, timaifotokoza nkhaniyi ngati mkulu wake wa nkhani yathu: iwo analengeza ufulu wawo pa 4 Julayi 1776, ife tinalandira wathu pa 6 Julayi 1964, ndipo tonse tinatuluka m'manja mwa ufumu umodzimodzi. Koma ndikamaganizira mofatsa za anthu amene ananyamula mfuti ku Massachusetts ndi ku Virginia, mtima wanga sukhazikika. Anthu amenewa sanali eni nthaka. Iwo anali zidzukulu za Azungu amene anawoloka nyanja n'kukakhazikika pa malo a anthu ena, atsogoleri awo ambiri anali ndi akapolo, ndipo kufikira mu 1775 ankadzitchabe Angerezi okhulupirika kwa mfumu George III. Atsamundawo anali iwo omwe. Tsono kodi n'koyenera kuuza ana kuti imeneyi inali nkhondo ya anthu oponderezedwa, kapena tiziwauza kuti unali mkangano wa atsamunda ndi boma la kwawo? Ndingakonde mayankho okhala ndi umboni, chifukwa ana a masiku ano amafunsa mafunso ovuta.

Chitedze

Aphunzitsi, yankho mwalipereka kale nokha. Anali anthu olemera amene sankafuna kukhoma msonkho, ndipo mawu onse okoma onena za ufulu anabwera pambuyo kudzaphimba zimenezo.

Nsanja

A Chitedze, mwafulumira kuweruza. N'zoona kuti mkangano unayambira pa msonkho, koma tiyenera kufunsa kuti chimene chinawawawa pa msonkhowo chinali chiyani, pakuti kukula kwake sikunali kodetsa nkhawa. Munthu wokhala ku Boston ankakhoma msonkho wochepa kwambiri poyerekeza ndi mnzake wokhala ku London.

Nkhondo ya zaka zisanu ndi ziwiri itatha mu 1763, Britain inali itagonjetsa France ndi kutenga Canada, koma ngongole ya boma inali itakwera pafupifupi kuwirikiza kawiri. Nduna zinaganiza zosiya asilikali pafupifupi 10,000 ku America, ndipo zinati anthu a kumeneko athandize kulipira. Motero mu 1765 Nyumba ya Malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo la masitampa, lofuna kuti nyuzipepala, mapepala a kukhoti, zikalata za malo ngakhale makhadi a njuga zikhale ndi chidindo cholipiridwa. Vuto linali lakuti dera lililonse linali ndi nyumba yakeyake ya malamulo, yosankhidwa ndi amuna okhala ndi malo, ndipo ya ku Virginia inali itayamba kukumana kale mu 1619. Kwa zaka zoposa 100, nyumba zimenezi ndi zimene zinkagamula za misonkho ya m'maderamo, ndipo m'malo ambiri ndi zimenenso zinkavomereza malipiro a bwanamkubwa. Anthu anazindikira kuti ngati London ingathe kutolera ndalama popanda kudzera mwa aphungu awo, ndiye kuti nyumba zawozo zidzangokhala za dzina chabe.

Boma linayankha kuti phungu aliyense wa ku London amayimira nzika zonse za mfumu, kaya zinamusankha kaya ayi, ndipo linapereka chitsanzo cha mizinda ya Manchester ndi Birmingham imene inalibe aphungu akeake pa nthawiyo. Anthu a ku America anakana mfundo imeneyi, ananyanyala kugula katundu wa ku Britain, ndipo amalonda a ku London ataona kuti malonda awo alowa pansi anakakamiza boma kuchotsa lamulolo mu 1766. Koma pa tsiku lomwelo Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lina lonena kuti ili ndi mphamvu yopangira maderawo malamulo pa nkhani ina iliyonse. Pamenepo ndi pamene panagona mkangano weniweni, ndipo mbali zonse ziwiri sizinasunthe kufikira mfuti zitalira.

MwanaWaMlimi

Zimene afotokoza a Nsanja zikundikumbutsa mbali imodzi ya mbiri yathu imene ikufanana ndi imeneyi kwenikweni. Bungwe lopanga malamulo la Nyasaland litakhazikitsidwa mu 1907, munthu wakuda analibe mpando m'menemo, ndipo mmishonale wa Chizungu ndi amene ankaikidwa kuti aziyankhulira anthu akuda, kufikira mu 1949 pamene anthu akuda oyamba analowamo. Nthawi yonseyo makolo athu ankakhoma msonkho wa nyumba. Choncho mfundo yakuti munthu wina amene simunamusankhe akhoza kukuyimirani ife tikuidziwa kuwawa kwake, ndipo pa mfundo imeneyi ndikugwirizana ndi anthu a ku Boston. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankateteza mphamvu zimene anali nazo kale ndipo ankadzilamulira okha pa zinthu zambiri, pamene makolo athu analandidwa zonse, malo, mphamvu ndi thukuta lawo pa thangata.

Chitedze

Ngati unali mkangano wa mfundo, ndifotokozereni za tiyi. Lamulo la 1773 linalola kampani ya East India kutumiza tiyi wake mwachindunji ku America, ndipo mtengo wa tiyi unatsika. Amene anavulala anali amalonda ozembetsa tiyi wochokera ku Holland. Musaiwale kuti John Hancock, amene dzina lake lili patsogolo pa chikalata cha ufulu, anali mmodzi wa anthu olemera kwambiri ku Boston, ndipo sitima yake yotchedwa Liberty inagwidwa ndi akuluakulu a kasitomu mu 1768. Pa 16 Disembala 1773 anthu anataya mabokosi 342 a tiyi m'nyanja. Kodi munthu woponderezedwa amataya chinthu chifukwa chakuti chatsika mtengo?

Nsanja

Sindikukana kuti amalonda anali ndi zofuna zawo. Komabe tiyi wotsika mtengoyo anali ndi msonkho wa mapeni atatu pa paundi iliyonse, wotsalira pa misonkho ya 1767, ndipo ndalama zake zinali zolipirira abwanamkubwa ndi oweruza kuti asamadalirenso nyumba za malamulo za m'maderamo. Aliyense wogula tiyiyo akanakhala kuti wavomereza mfundo imene anakhala akuikana kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Chachiwiri n'chakuti kutaya tiyi sikunasangalatse onse, ndipo ngakhale Benjamin Franklin, mmodzi wa atsogoleri a anthu a ku America, ananena kuti kampaniyo ilipidwe. Chimene chinagwirizanitsa maderawo chinali chilango chimene London inapereka mu 1774. Doko la Boston linatsekedwa, zimene zinachotsa chakudya pakamwa pa anthu onyamula katundu ndi asodzi amene sanakhudze n'komwe tiyiyo. Khonsolo ya Massachusetts inasiya kusankhidwa n'kuyamba kuikidwa ndi mfumu, ndipo misonkhano ya anthu m'matauni inaletsedwa pokhapokha bwanamkubwa atavomereza. Mu Sepitembala chaka chomwecho, amuna oposa 4,000 anasonkhana ku Worcester n'kutseka makhoti a mfumu. Amenewa sanali amalonda ozembetsa katundu. Anali alimi wamba, ndipo ndi anthu a mtundu womwewo amene anakumana ndi asilikali a mfumu ku Lexington ndi ku Concord pa 19 Epulo 1775. Munthu salolera kufa pofuna kuteteza phindu la John Hancock.

MayiWaMapasa

Nonse mukukamba za msonkho, koma funso la aphunzitsi silingayankhidwe popanda kukamba za nthaka. Mu 1763 mfumu inalengeza kuti Azungu asakakhazikike kumadzulo kwa mapiri a Appalachian, chifukwa dziko la kumeneko linali la eni nthaka. Lamulo limeneli linakwiyitsa anthu osauka ofuna minda, komanso linakwiyitsa kwambiri anthu olemera a ku Virginia amene ankayembekezera kupeza chuma pogulitsa malo a ku chigwa cha Ohio, ndipo George Washington, amene anadzakhala mkulu wa asilikali a America, anali mmodzi wa iwo. Ufulu umene ambiri ankaufuna unaphatikizapo ufulu wolowa m'dziko la eni ake popanda wowaletsa. Chikalata chenicheni cha 1776, pa mndandanda wa milandu ya mfumu, chimatchula eni nthakawo kuti ndi anthu olusa opanda chifundo.

Onani zimene zinachitikira mgwirizano wa mitundu isanu ndi umodzi ya Iroquois, umene unakhala zaka mazana ambiri uli wolimba. Nkhondoyi inaung'amba pakati. A Oneida ndi a Tuscarora anathandiza zigawengazo, pamene a Mohawk motsogozedwa ndi Joseph Brant, pamodzi ndi a Seneca, a Cayuga ndi a Onondaga ambiri, anakhala mbali ya mfumu poona kuti ngozi yaikulu pa nthaka yawo inali kwa anthu oyandikana nawo osati ku London. Mu 1779 Washington anatumiza gulu lankhondo lotsogozedwa ndi John Sullivan ndi lamulo loti akawonongeretu midzi yawo. Midzi pafupifupi 40 inatenthedwa, chimanga cha m'nkhokwe ndi cha m'minda chinawonongedwa, mitengo ya zipatso inagwetsedwa, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Fort Niagara kumene ambiri anafa ndi njala ndi kuzizira. A Seneca anamutcha Washington wowononga midzi. Ngakhale a Oneida, amene anakhetsa magazi awo pothandiza America, anadzalandidwa gawo lalikulu la malo awo ndi boma la New York nkhondo itatha. Mwana wa m'kalasi mwanu, aphunzitsi, akafunsa kuti anthu ofanana ndi makolo ake m'nkhaniyi ndi ati, ine ndinganene kuti ndi amenewa.

MlondaWaUsiku

Mayi, kodi mukutanthauza kuti Angerezi ankakonda eni nthakawo ndipo ankawateteza?

MayiWaMapasa

Ayi, bambo. Malire a 1763 anaikidwa chifukwa boma linkaopa ndalama zomenyera nkhondo zina ngati imene Pontiac, mtsogoleri wa eni nthaka, anayambitsa chaka chomwecho. Ndipo pa pangano la mtendere la ku Paris mu 1783, Britain inapereka kwa America dziko lonse kukafika ku mtsinje wa Mississippi, popanda kufunsa kapena kutchula n'komwe mitundu imene inamenya nkhondo kumbali yake. Anthu a Joseph Brant anangopatsidwa malo ena ku Grand River ku Canada.

Wa_ku_Bulawayo

Ife amene makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu tili ndi chifukwa china choganizira funso limeneli. Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yachoka pansi pa ulamuliro wa Britain popanda chilolezo cha London, ndipo aka kanali koyamba kuti dera la Britain lichite zimenezi chichitireni cha America. Olemba chikalata cha Smith anatengera kalembedwe ka chikalata cha 1776, ndipo ankafuna kuti dziko lonse lapansi lione kufananako. Dandaulo lawo linalinso lofanana: ife Azungu a kuno takhala tikudzilamulira kuyambira 1923, ndipo anthu a ku London amene sadziwa za kuno asatiuze mmene tingakhalire ndi anthu akuda. Koma anasiya mawu awiri ofunika, akuti anthu onse analengedwa ofanana, ndi akuti boma limapeza mphamvu zake kuchokera ku chilolezo cha olamulidwa. Kwa ine, wachibale weniweni wa 1776 mu Africa muno si 1964 ya Malawi kapena ya Zambia, koma 1965 ya Smith.

Mphunzitsi_wa_Mbiri

Achimwene a ku Bulawayo, mwatchula chinthu chenicheni chimene chimandisowetsa mtendere. Komabe ndikufuna kumva ngati pali wina amene akuona kusiyana pakati pa ziwirizi, chifukwa sindikufuna kuchotsa bodza limodzi m'mitu ya ana n'kuikamo lina.

Nsanja

Kusiyana kulipo, ndipo kuli m'mawu omwewo amene a ku Bulawayo atchula. Anthu a Smith anali pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 20 alionse a m'dzikomo, ndipo anachotsa mawu onena za kufanana kwa anthu chifukwa ankadziwa kuti akawalemba adzitchera okha msampha. Anthu a ku Philadelphia, kumene chikalata cha 1776 chinalembedwa, anawalemba mawuwo, ngakhale kuti sanawatsate, ndipo mawu akalembedwa sakhalanso a mwini wake yekha. Amayi amene anasonkhana ku Seneca Falls mu 1848 anawagwiritsa ntchito pofuna ufulu woponya voti, Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo, anawagwiritsa ntchito mu 1852 podzudzula dziko losunga akapolo, ndipo Ho Chi Minh anayamba nawo chilengezo cha ufulu wa Vietnam mu 1945. Palibe munthu woponderezedwa amene anapezapo chida m'chikalata cha Smith.

Msodzi_wa_ku_Nkhotakota

A Nsanja, mawuwo ndi okoma ndithu, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nthawi ya nkhondoyi maderawo anali ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 500,000 mwa iwo anali akapolo ochokera ku Africa kapena ana awo. Thomas Jefferson, amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, anakhala ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake wonse. M'zolemba zake zoyamba munali ndime yodzudzula malonda a akapolo, imene inakankhira mlandu wonse kwa mfumu, koma nthumwi zinaichotsa, ndipo iye mwini ananena kuti anachita zimenezi pofuna kusangalatsa South Carolina ndi Georgia.

Tsono funsani kuti kapolo wa ku Virginia ankauona kuti ufulu uli mbali iti. Mu Novembala 1775 bwanamkubwa wa mfumu, Lord Dunmore, analengeza kuti kapolo aliyense wa munthu wogalukira amene angathawe n'kudzanyamula zida kumbali ya mfumu adzamasulidwa. Sanachite zimenezi chifukwa cha chifundo, pakuti iye mwini anali ndi akapolo, ndipo akapolo a anthu okhulupirika kwa mfumu lonjezoli silinawakhudze. Komabe anthu anathawa, ambiri anafa ndi nthomba m'misasa, ndipo chilengezochi chinakwiyitsa eni minda a ku Virginia kotero kuti ambiri amene ankakayikakayika anasankha kuchoka mu ufumu.

Ndikufuna nditchule munthu mmodzi. Harry Washington anabadwira ku West Africa, anagulidwa ndi George Washington mu 1763, ndipo mu 1776 anathawa ku Mount Vernon, munda wa mbuye wakeyo, n'kukalowa m'sitima za Dunmore. Anatumikira m'gulu lankhondo la mfumu, ndipo mu 1783 anali mmodzi wa anthu akuda pafupifupi 3,000 amene Angerezi anawanyamula kuchoka ku New York, ambiri kupita nawo ku Nova Scotia. Kumeneko malo amene analonjezedwa ankachedwa, ena anapatsidwa nthaka yamiyala, ndipo Azungu anzawo othawa nkhondo ankawazunza. Mu 1792 anthu pafupifupi 1,200, pakati pawo Harry Washington ndi Thomas Peters, anawoloka nyanja kukayambitsa mzinda wa Freetown ku Sierra Leone. Nkhani yake sinathere pamenepo. Kampani yolamulira kumeneko itafuna kuti azilipira msonkho pa malo amene anauzidwa kuti ndi awo, anthuwo anaukira mu 1800 pofuna kudzilamulira okha, ndipo Harry Washington anali mmodzi wa amene anathamangitsidwa m'mzindamo. Ngati tikufuna munthu amene anamenyeradi ufulu m'nkhani imeneyi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ine ndikuloza Washington ameneyu.

Kamtedza

Nkhani ya Harry Washington ndi yokhudza mtima, koma tisapange Britain kukhala mpulumutsi. Pa nthawi imeneyo sitima za ku Liverpool ndi ku Bristol ndi zimene zinkatsogola pa malonda a akapolo, ndipo minda ya nzimbe ya ku Jamaica ndi ku Barbados, imene inakhalabe m'manja mwa mfumu, inali malo a nkhanza zosaneneka. Britain inathetsa malonda a akapolo mu 1807 ndipo lamulo lothetsa ukapolo weniweniwo linabwera mu 1833.

Komanso anthu akuda sanali mbali imodzi yokha. Crispus Attucks anali mmodzi wa anthu asanu amene anaphedwa ndi asilikali a mfumu ku Boston pa 5 Malichi 1770. Anthu akuda pafupifupi 5,000 anamenya nkhondo kumbali ya America, ndipo mu 1778 Rhode Island inalonjeza ufulu kwa akapolo olowa usilikali. Ku Massachusetts mayi wina wotchedwa Elizabeth Freeman anamva kuti malamulo atsopano oyendetsera deralo, a 1780, akuti anthu onse amabadwa mfulu ndiponso ofanana. Iye anapita kukhoti mu 1781 n'kupambana, ndipo pa kalembera wa 1790 ku Massachusetts sikunalembedwe kapolo ngakhale mmodzi. Pennsylvania inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo pang'onopang'ono mu 1780. Zinthu zimenezi sizinachitike nkhondoyi isanabwere, ndipo zikusonyeza kuti mawu aja anayamba kugwira ntchito olemba ake akadali moyo. Munthu wakuda aliyense ankayang'ana khomo limene linali pafupi naye, kaya linali la mfumu kaya la zigawenga.

Chitedze

Kalembera yemweyo wa 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000 m'dziko lonselo, ndipo pofika 1860 anali pafupifupi 4 miliyoni. Malamulo oyendetsera dziko a 1787 analola malonda a akapolo kupitirira mpaka 1808 ndipo analamula kuti kapolo wothawa azibwezedwa kwa mbuye wake. John Chilembwe atapita kukaphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, anapeza zidzukulu za akapolowo zikusalidwabe ndi kuphedwa popanda mlandu. Mawuwo anagwira ntchito mochedwa kwambiri.

Msilikali_Wopuma

Ndikufuna kuwonjezera mbali ya nkhondo yeniyeniyo, chifukwa imathandiza kuyankha funso la aphunzitsi. Chithunzi chimene ambiri ali nacho ndi cha alimi ogwirizana amene anathamangitsa gulu lankhondo lamphamvu kwambiri pa dziko lapansi. Zoona zake n'zosiyana pa mfundo ziwiri.

Yoyamba n'jakuti imeneyi inalinso nkhondo ya pachiweniweni. Anthu ambiri a ku America anakhalabe okhulupirika kwa mfumu, ena anapakidwa phula ndi nthenga, ena analandidwa nyumba ndi minda, ndipo nkhondo itatha pafupifupi 60,000 anachoka m'dzikomo. Mwana wa Benjamin Franklin, William, amene anali bwanamkubwa wa New Jersey, anakhala mbali ya mfumu ndipo ubale wake ndi bambo ake sunabwererenso mwakale. Pa nkhondo ya ku Kings Mountain mu Okutobala 1780, pafupifupi onse amene anamenyana mbali zonse ziwiri anali anthu a ku America, kupatula mtsogoleri wa gulu la mfumu, Patrick Ferguson.

Yachiwiri n'jakuti popanda France nkhondoyi ikanatha mwanjira ina. Mu 1776 Washington anagonjetsedwa ku New York ndipo gulu lake linatsala pang'ono kutheratu, kufikira pamene anawoloka mtsinje wa Delaware n'kugwira asilikali aganyu a ku Germany, omenyera Britain, ku Trenton pa 26 Disembala. Wonga wambiri ndi mfuti zimene anagwiritsa ntchito m'zaka zoyambazo zinkachokera ku France mobisa. John Burgoyne, mtsogoleri wa gulu lankhondo la Britain, atagonja ku Saratoga mu Okutobala 1777, France inalowa m'nkhondo poyera mu 1778, Spain mu 1779, ndipo Holland inakokeredwamo mu 1780. Kuyambira pamenepo Britain inayenera kuteteza zilumba za nzimbe za ku Caribbean, Gibraltar, India ndi gombe lake lomwe. Ku Yorktown, Cornwallis, mtsogoleri wina wa asilikali a Britain, anagonja pa 19 Okutobala 1781 chifukwa sitima zankhondo za France zotsogozedwa ndi de Grasse zinatseka njira ya panyanja ku Chesapeake, ndipo mukaphatikiza asilikali a pamtunda ndi a panyanja, Afalansa anali ambiri kuposa Aamerika. Ngakhale pamenepo Britain inali ikugwirabe New York, Charleston ndi Savannah. Chimene chinatha chinali chifuniro cha Nyumba ya Malamulo chopitiriza kulipira, ndipo boma la Lord North linagwa mu Malichi 1782.

Luso la Washington linali losunga gulu lankhondo kuti lisabalalike kwa zaka zisanu ndi zitatu. Amene anapirira m'gululo anali makamaka anyamata osauka, opanda malo, obwera kumene ndi anthu akuda. Ku msasa wawo wa Valley Forge anafa pafupifupi 2,000 ndi matenda m'nyengo yozizira ya 1777 mpaka 1778, ndipo amene anafera m'sitima zosungiramo akaidi pa doko la New York anali ambiri kuposa amene anafera pa bwalo la nkhondo. Ankalipidwa ndi ndalama zamapepala zimene zinatha mphamvu, ndipo mu Januwale 1781 asilikali a ku Pennsylvania anaukira akuluakulu awo chifukwa cha malipiro. Mu 1786 Daniel Shays, amene anamenya nawo nkhondoyi, anatsogolera alimi a ku Massachusetts otopa ndi misonkho ndi ngongole kukatseka makhoti, monga momwe anachitira mu 1774, koma ulendo uno amene anawabalalitsa ndi mfuti linali boma lawo lomwe.

MayiWaMapasa

Pa mndandanda wa osiyidwa tiwonjezepo amayi. Kunyanyala katundu wa ku Britain kunatheka chifukwa amayi ndi amene anasiya kugula tiyi ndi nsalu n'kuyamba kuwomba zawo, ndipo amuna atapita kunkhondo minda inali m'manja mwawo. Mu Malichi 1776 Abigail Adams analembera mwamuna wake John, mmodzi wa nthumwi za maderawo, kuti pokonza malamulo atsopano asaiwale amayi, koma iye anayankha mwanthabwala. Ku New Jersey kokha ndi kumene amayi okhala ndi chuma ankaponya voti, ndipo ufulu umenewo unachotsedwa mu 1807.

GogoWaKuDedza

Ana anga, mwanena zoona zambiri, koma pali chinthu chimodzi chimene ife amene tinaona ufulu ukubwera mu Africa muno sitingachipeputse. Munthu amene wapambana nkhondo ali ndi asilikali kumbuyo kwake kawirikawiri satula pansi mphamvu. Mu Malichi 1783 akuluakulu a asilikali ku Newburgh anali okwiya chifukwa chosalipidwa ndipo ena ankafuna kuopseza boma ndi zida, koma Washington anawaletsa. Pa 23 Disembala chaka chomwecho anapita ku Annapolis kukabweza udindo wake m'manja mwa nthumwi za anthu, n'kubwerera kumunda kwake. Atadzasankhidwa kukhala pulezidenti, analamulira zigawo ziwiri zokha n'kuchoka yekha mu 1797, ngakhale kuti panalibe lamulo lomukakamiza. Ku France ufulu unathera m'manja mwa Napoleon, ndipo kwathu kuno tikudziwa kuti kuchotsa upulezidenti wa muyaya kunatitengera zaka zingati. Aphunzitsi, anawo muwauze za akapolo ndi za midzi yotenthedwa, koma chimenechinso musawabisire, chifukwa ndi cholowa chenicheni cha nkhondo imeneyi.

Mphunzitsi_wa_Mbiri

Agogo, mfundo yanu ndaimva ndipo ndi yolemera. Koma kodi kudziletsa kumeneku tikuuika pati pamene munthu yemweyo anali ndi anthu mazana ambiri mu ukapolo pa munda umene anabwererako? Ndikufunsa a Msodzi, popeza ndi amene anabweretsa nkhani ya Mount Vernon.

Msodzi_wa_ku_Nkhotakota

Aphunzitsi, ndikuyankhani ndi zimene zinachitika m'chaka chomwecho cha 1783, pakati pa zochitika za ku Newburgh ndi za ku Annapolis. M'pangano la mtendere munali ndime yonena kuti asilikali a Britain pochoka asatenge anthu akuda kapena katundu wina aliyense wa Aamerika, ndipo anthuwo analembedwa pamzere umodzi ndi katundu. Pa 6 Meyi Washington anakumana ndi mkulu wa asilikali a Britain, Sir Guy Carleton, pafupi ndi mtsinje wa Hudson, ndipo anamuuza kuti akapolo onse othawa abwezedwe kwa eni ake. Carleton anakana, ponena kuti anthuwo analonjezedwa ufulu m'dzina la mfumu pangano lisanalembedwe, ndipo kuwabweza kukanakhala kuphwanya lonjezo. Iye anati ngati pali mlandu, boma la Britain lidzalipira ndalama, ndipo n'chifukwa chake analamula kuti mayina a onse okwera sitima alembedwe m'kaundula, pamodzi ndi zaka zawo ndi mayina a amene ankawatcha ambuye awo. Kaundula ameneyo alipo mpaka lero, ndipo dzina la Harry Washington lili momwemo.

Agogo anena zoona kuti George Washington anatula pansi mphamvu zimene akanatha kuzisunga, ndipo n'zoonanso kuti m'wilo yake ya 1799 analamula kuti akapolo ake adzamasulidwe, chinthu chimene Jefferson sanachite kupatula kwa anthu owerengeka okha. Koma akapolo ambiri a pa Mount Vernon anali a chuma cha banja la mwamuna woyamba wa mkazi wake, Martha, ndipo wiloyo sinawakhudze. Martha atamwalira mu 1802 anthuwo anagawidwa kwa zidzukulu zake, ndipo mabanja amene anakwatirana pakati pa magulu awiriwa analekanitsidwa, ena mfulu ena akapolo.